Kamwala Kakang'ono ka pa Sikelo ya Amjomba

Mwana wanga wotsiriza, amene akuphunzira za makompyuta ku yunivesite ku Zomba, adabwera kutchuthi kwathu ku Ntaja chaka chatha. Tsiku lina madzulo ndidamupeza pakhonde atagwira tsaya, kope lili pamiyendo. Pa tsamba lonselo adali atalemba kamzere kamodzi kokha, n'kukazunguliza ndi cholembera kangapo konse: x & -x.

"Ababa," adatero, "aphunzitsi akuti kamzere aka kamapeza biti yotsikitsitsa imene yayaka m'nambala. Ndayesa, kakugwiradi ntchito, koma chifukwa chake sindikuchiona."

Ine ndidaphunzitsa masamu kupulayimale mpaka kupuma pantchito, koma kompyuta ndidaigwira imvi zitamera kale. Choncho ndidamupempha kuti andifotokozere ngati mmene angafotokozere mwana wa Sitandade 5. Iye adati kompyuta siisunga nambala monga timalembera ife. Imaiphwanya m'magawo a 1, 2, 4, 8, 16, 32, kumangowirikiza choncho, ndipo pa gawo lililonse imalemba 1 ngati gawolo lagwira ntchito, kapena 0 ngati silidagwire. Malo amodzi oterowo ndiwo amatchedwa biti. Nambala 12 ndi 8 kuphatikiza 4, motero imalembedwa 1100. Funso lake lidali lakuti: mwa magawo amene agwira ntchito, laling'ono kwambiri ndi liti? Pa 12 yankho ndi 4.

Asanamalize n'komwe, fungo la mchere ndi palafini la m'sitolo ya amjomba anga lidandibwerera. Funso limeneli ndidalimva koyamba zaka zoposa 50 zapitazo, kuchokera kwa munthu amene sadaonepo kompyuta moyo wake wonse.

Nthawi imeneyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, boma lathu la Machinga linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka adali mbali ya boma lomweli mpaka pamene adaima payekha mu 1998. Njanji yochokera ku Nkaya kudzera pa Liwonde kupita ku Nayuchi idali itangotsegulidwa mu 1970. Ndalama nazo zidali zitangosintha. Mu 1971 mapaundi, masheleni ndi makobiri zidasiyira malo kwacha ndi tambala, paundi imodzi ikusinthidwa ndi K2. Koma ngakhale paundi idachoka m'thumba, pa sikelo idatsalabe. Mchere, shuga, masamba a tiyi ndi misomali tinkayezabe m'mapaundi ndi m'maaunsi, maaunsi 16 kukwana paundi imodzi.

Amjomba, mlongo wawo wa mayi anga, adali ndi kasitolo pafupi ndi msika. Sikelo yawo adaigula kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake, pakuti m'zaka zimenezo boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula kuti amalonda achimwenye achoke kumidzi, azikachitira malonda m'mizinda. Idali sikelo ya mbale ziwiri, mbale imodzi ya katundu, ina ya miyala. Miyalayo inkakhala m'kabokosi kamatabwa, uliwonse m'dzenje lakelake. Kunena zoona sidali miyala ayi, pakuti ing'onoing'ono idali yamkuwa ndipo ikuluikulu idali yachitsulo, koma aliyense ankangoti miyala. Idalipo 7: wa aunsi imodzi, wa maaunsi 2, wa 4, wa 8, kenaka wa paundi imodzi, wa mapaundi 2 ndi wa mapaundi 4. Tikaiwerenga yonse m'maaunsi ndi 1, 2, 4, 8, 16, 32 ndi 64, magawo omwe aja a m'kope la mwana wanga.

Ndidayamba kuthandiza m'sitolomo ndili ndi zaka 11, ndikaweruka kusukulu. Phunziro loyamba lidali lakuti palibe mwala umene uli ndi mnzake wofanana nawo, komabe kulemera kulikonse kuyambira aunsi imodzi mpaka maaunsi 127 kumatheka, ndipo kumatheka m'njira imodzi yokha. Maaunsi 3 ndi mwala wa 2 ndi wa 1. Maaunsi 7 ndi wa 4, wa 2 ndi wa 1. Maaunsi 12 ndi wa 8 ndi wa 4. "Mwala umakhala pambale kapena m'bokosi," ankatero amjomba, "sukhala m'manja mwako." Ndiye 1 ndi 0 uja ameneyu, ngakhale tonse awiri sitinkadziwa.

Phunziro lachiwiri lidali funso limene ankandifunsa kawirikawiri mpaka kunditopetsa: "Mwanawe, kakang'ono kwambiri pambalepo ndi kati?" Funsoli lidali ndi ntchito yake. Amayi ankakonda kusonkherana ndalama n'kugula mchere pamodzi, kenaka n'kupempha kuti tiwagawire. Kugawa kosavuta pa sikelo ya mbale ziwiri ndi kugawa pakati: uthira uku ndi uku mpaka mbale zifanane. Amjomba adaona kuti mwala wochepetsetsa umene uli pambale ndiwo umanena kuti katunduyo agawika pakati kangati popanda kuswa aunsi. Maaunsi 12 amagawika kukhala 6 ndi 6, kenaka 3, 3, 3 ndi 3, milu inayi, ndipo mwala wochepetsetsa pa 12 ndi wa 4. Maaunsi 40 ndi mwala wa 32 ndi wa 8, motero amatuluka milu 8 ya maaunsi 5. Koma kamwala ka aunsi imodzi kakakhala pambale, ndiye kuti ngakhale anthu awiri sagawana bwino, wina adandaula ndithu.

Phunziro lachitatu ndidaliphunzira ndi manyazi. Sabata ina amjomba adapita ku Liwonde kukapikula katundu, ndipo kumeneko adamva za maliro, nakhalako masiku asanu. Akazi awo ankalandira ndalama, ine ndinkayeza. Tsiku loyamba lomwelo ndidatenga kamwala ka aunsi imodzi kukaonetsa anzanga kubwalo la mpira, popeza kankawala ngati golide. Pobwerera, thumba la kabudula lidali lopanda kanthu. Ndidafunafuna m'maudzu mpaka mdima, osakapeza. Chifukwa cha mantha ndidatola nati ya njinga imene m'manja mwanga inkaoneka yolemera mofanana, n'kumaiponya pambale mwachangu kuti wina asaione.

Amjomba atangobwera, agogo ena amasiye amene ankagula mchere wa maaunsi 3 tsiku lililonse la msika adafika ndi kachitini kawo. "Bambo," adatero, "mchere wanu masiku ano wafupika. Kale umafika apa." Adaloza kamzere ka dzimbiri m'kachitinimo. Amjomba adatsegula kabokosi, naona dzenje lopanda mwala, nandiyang'ana. Ndidatulutsa nati ija m'thumba manja akunjenjemera.

Sadandimenye. Adayeza mchere ndi natiyo kawiri, nathira milu iwiriyo pambale imodzi, mbale inayo n'kuikapo mwala wa maaunsi 2. Mbale ya mchere idakwera m'mwamba, anthu onse m'sitolomo akuona. Kenaka adandifunsa kuti nditchule amene adagula aunsi imodzi, maaunsi 3, 5 kapena 7 m'masiku asanuwo. Pamene ndinkawatchula ndidazindikira chinthu chimene sichidandichoke mpaka lero. Aphunzitsi ndi ena olandira malipiro, amene ankagula theka la paundi kapena paundi yathunthu, sadaberedwe kanthu, chifukwa kamwala kakang'ono sikankafika pambale yawo. Amene ndidawabera adali agogo aja, mayi wina wa ana ambiri, ndi anyamata aganyu ogula masamba a tiyi a tsiku limodzi. "Waonatu," adatero amjomba, "kamwala kakang'ono ndi ka amphawi. Ukakasokoneza, wolemera samva." Madzulo amenewo ndidayenda khomo ndi khomo ndi timapaketi ta mchere ndi tiyi, ndikupepesa.

Mwala watsopano adaupanga okha. Adayeza mchere wa maaunsi 2, naugawa pa mbale ziwiri mpaka zitafanana, ndipo mulu umodzi udakhala muyeso wa aunsi imodzi. Adatenga bawuti yokulirapo n'kumaipala ndi tupa, kuyeza, kupalanso, mpaka idafanana ndi muluwo.

Nditamufotokozera mwana wanga zonsezi, tidatha masiku otsala a tchuthi tikufufuza kuti nzeru imeneyi idachokera kuti. Tidapeza kuti ndi yakale kuposa mmene ndinkaganizira. Cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, mlembi wina wa ku Egypt dzina lake Ahmes adakopera buku la masamu limene lero limadziwika ndi dzina la Alexander Henry Rhind, munthu wa ku Scotland amene adaligula ku Luxor mu 1858. Gawo lake lalikulu likusungidwa ku British Museum ku London. M'bukumo kuchulukitsa kumachitika mwa kuwirikiza. Pofuna 12 kuchulukitsa ndi 7, mlembi ankalemba 7, 14, 28, 56, moyang'anizana ndi 1, 2, 4, 8. Popeza 12 ndi 8 ndi 4, ankasankha 56 ndi 28, n'kupeza 84. Amjomba nawo mtengo ankaupeza chimodzimodzi. Ankadziwa pamtima mtengo wa mwala uliwonse, ndipo ankangophatikiza mitengo ya miyala imene ili pambale.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, katswiri wa ku France, Claude-Gaspard Bachet, adaika m'buku lake la zophiphiritsa za masamu funso lakuti: kodi wamalonda afunika miyala ingati kuti ayeze kulemera kulikonse kuyambira paundi imodzi mpaka 40? Miyala ikamaikidwa mbale imodzi yokha, yankho ndi 6, ndiyo 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32. Ikamaloledwa mbale zonse ziwiri, inayi ikwanira: 1, 3, 9 ndi 27. Ogulitsa m'masitolo adakonda njira yoyambayo, chifukwa wogula amaona yekha kuti katundu ali uku, miyala ili uko.

Chimene chidandikondweretsa koposa ndi nkhani ya Thomas Harriot wa ku England, amene adamwalira mu 1621. M'mapepala ake, amene sadawasindikize ali moyo, muli nambala zolembedwa ndi 1 ndi 0 yekha, pafupifupi zaka 100 dziko lisanamve za njirayi. Katswiri wina wa masiku ano, Lloyd Strickland, ataunika mapepalawo adaonetsa kuti Harriot adafika pa nzeruyi pamene ankayeza zinthu pa sikelo ndi timiyala ta theka la aunsi, theka la theka, ndi totsikirapo, n'kumalemba kuti kamwala aka kagwira ntchito, aka ayi. Ndiye kuti kalembedwe ka makompyuta kadatulukira pa mbale ya sikelo. Amene adakalengeza poyera ndi Gottfried Wilhelm Leibniz wa ku Germany, m'nkhani imene adatumiza ku bungwe la sayansi la ku Paris mu 1703.

Padapita nthawi yaitali kalembedweka kali ngati choseweretsa cha ophunzira. Mu 1854 George Boole adasindikiza buku losandutsa "zoona" ndi "zabodza" kukhala masamu. Limodzi mwa malamulo ake ndi lakuti zinthu ziwiri zikalumikizidwa ndi liwu lakuti "ndi", yankho limakhala loona pokhapokha zonse ziwiri zili zoona. Chizindikiro cha & m'kope la mwana wanga chikuchita ntchito imeneyi: chimayerekeza nambala ziwiri malo ndi malo, n'kusunga 1 pokhapo pamene nambala zonse ziwiri zili ndi 1. Mu 1937 Claude Shannon, mnyamata wa zaka 21 wophunzira ku MIT ku America, adaonetsa kuti maswitchi amagetsi, oyaka kapena ozima, atha kutsatira malamulo a Boole. Ndi Shannon yemweyo amene mu 1948 adafalitsa liwu lakuti bit, ponena kuti adalimva kwa John Tukey.

Tsopano tibwerere pakhonde paja. Ndidalowa m'nyumba n'kutulutsa kabokosi ka amjomba, kamene ndidakasunga iwo atatisiya, ndipo ndidaika mwala wa 8 ndi wa 4 pamphasa.

"Wogula wati tichotseko aunsi imodzi," ndidatero. "Utani?"

Iye adasiya wa 8, nachotsa wa 4, n'kuikapo wa 2 ndi wa 1. Tidayesanso ndi 40. Kuti akhale 39, wa 32 udatsala, wa 8 udachoka, ndipo wa 4, wa 2 ndi wa 1 idabwera. Nthawi zonse zimatero. Ukachotsa aunsi imodzi, mwala wochepetsetsa ndiwo umachoka, yonse yocheperapo imalowa m'malo mwake, ndipo ikuluikulu siikhudzidwa. Motero ukafunsa kuti ndi miyala iti imene ikupezeka pa 12 ndi pa 11 pomwe, yankho ndi wa 8 wokha: wochepetsetsa uja wafufutika. Olemba mapulogalamu amalemba zimenezi kuti x & (x - 1). Ukabwereza mpaka mbale itatsala yopanda kanthu, n'kuwerenga kuti wabwereza kangati, wadziwa kuchuluka kwa miyala imene idali pambale. Peter Wegner adasindikiza njirayi mu 1960, ndipo idatchuka kwambiri itaikidwa ngati ntchito ya ophunzira m'buku la chiyankhulo cha C la Brian Kernighan ndi Dennis Ritchie, kope lachiwiri la mu 1988.

Nanga x & -x? Apa pafunika kudziwa mmene kompyuta imalembera nambala ya ngongole, monga -12. Njira imene John von Neumann adaifotokoza mu 1945, imene makompyuta pafupifupi onse amatsatira lero, ndi iyi: miyala yonse imene ili pambale ibwerere m'bokosi, yonse ya m'bokosi ipite pambale, kenaka uwonjezere 1. Tikalemba m'malo 8, nambala 12 ndi 00001100. Tikasinthanitsa tipeza 11110011. Tikawonjeza 1 tipeza 11110100. Pa mphasa paja zidaoneka bwino. Titasinthanitsa, wa 8 ndi wa 4 idachoka, ndipo wa 1 ndi wa 2 idabwera pamodzi ndi ikuluikulu. Aunsi yowonjezera ija idakumana ndi wa 1 n'kupanga 2, ameneyo adakumana ndi wa 2 n'kupanga 4, ndipo mwala wa 4 udabwereranso pambale. Kusefukirako kudaimira pomwepo, chifukwa malo a 4 adali opanda mwala. Choncho mwala umene ukupezeka pa 12 ndi pa -12 pomwe ndi umodzi wokha, wa 4, wochepetsetsa uja.

Mwana wanga adakhala chete, kenaka adaseka. Adawonjeza yekha chenjezo limene aphunzitsi ake adanena, lakuti nambala ikakhala 0 yankho limakhalanso 0, ndipo wolemba pulogalamu ayenera kusamala, pakuti mbale yopanda kanthu ilibe mwala wochepetsetsa.

Ndidamufunsa kuti kanthu kakang'ono chotere kali ndi phindu lanji. Adati kompyuta imasunga mndandanda wa zinthu zambiri m'nambala imodzi, biti iliyonse ikuimira chinthu chimodzi: malo osungiramo amene ali opanda kanthu, kapena ntchito zimene zikudikira. Kupeza yoyamba mwa izo ndiye funso la amjomba lija, ndipo limafunsidwa kosawerengeka pa mphindi imodzi. N'chifukwa chake kampani ya Intel idaika lamulo lapadera lotchedwa BSF m'chipangizo chake cha 80386 mu 1985, kuti makina aziyankha funsoli okha. Mu 1994 Peter Fenwick wa ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand adasindikiza njira yosungira mawerengero ophatikiza imene imayenda ndi x & -x pa sitepe iliyonse, ndipo ophunzira amaiphunzira mpaka lero. Mapulogalamu osewera chess amaika mabwalo 64 a bolodi m'nambala imodzi ya mabiti 64. Ngakhale bawo limene abambo amasewera pansi pa mitengo pa Ntaja pano lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje 8, ndipo nambala imodzi ya mabiti 32 ikwanira kunena maenje amene muli nkhomo ndi amene mulibe.

"Ndiye kuti agogo adali katswiri wa makompyuta?" adafunsa mwana wanga.

Ndidamuyankha kuti ayi, tisawanamizire. Miyalayo sadaipange ndiwo, idabwera ndi miyeso ya Angelezi, ndipo za Leibniz sadamvepo. Koma kayendedwe ka nambala zimenezi ankakadziwa ndi manja awo, monga mmene mlimi amadziwira nthaka yake. Chimandiwawa n'chakuti zaka zonse zimene ndidaphunzitsa masamu sindidabweretsepo kabokosi kameneka m'kalasi. Ana athu amakumana ndi 1 ndi 0 ngati chinthu chachilendo chochokera kutsidya la nyanja, chonsecho chidali pa kauntala ya sitolo iliyonse ya kumudzi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ife wathu tidamusiya m'kabati.

Miyala ya mtundu umenewu idatha dziko litasamukira ku makilogalamu, pakuti miyala ya magalamu imayenda 1, 2, 2, 5, 10, motsatira kuwerenga kwa makumi. Lero pa msika wa Ntaja mupeza sikelo zopachika ndi zamabatire, zimene mavenda amagulira nandolo, mpunga ndi chimanga. M'kati mwa sikelo yamabatire nambala imasungidwa m'mabiti, ndiye kuti miyala ya amjomba idabwereranso, kungoti siioneka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi udindo woyendera sikelo, koma silingaime pa mtengo uliwonse umene sikelo yapachikidwa. Ndipo phunziro lachitatu lija silidakalambe. Wogula akati "timagalamu ta pamwambati tisawerenge", mwini matumba 50 samva kuwawa, koma mayi wobwera ndi kabeseni kamodzi ka nandolo wataya mchere wa sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo amausenza ndi wosauka. Agogo aja adali ndi kamzere ka dzimbiri m'kachitini kawo. Mlimi wa lero, amene sangaone m'kati mwa makina, afunika ana ophunzira amene angaone m'katimo n'kunena zoona.

Tsiku lobwerera ku Zomba mwana wanga adapempha kuti atenge kabokosiko akaonetse anzake. Ndidamulola, koma ndidamuuza kuti awerenge miyala pamaso panga, ndipo akadzabwera tidzawerengenso. Adaitulutsa umodziumodzi kuyambira wa mapaundi 4. Atafika pa dzenje lotsiriza adatulutsa bawuti yopalidwa ndi tupa ija, naitembenuza m'manja.

"Aka ndiye mukasamale kwambiri, mayi," ndidamuuza. "Kadandiyendetsa mudzi wonse."